Du Chisiza Jr, mwana wamasiye amene adasandutsa zisudzo kukhala ntchito

Pamene Dunduzu Chisiza Junior ankabadwa pa 26 Malichi 1963, bambo ake adali atagona m'manda miyezi yoposa 6. Khandalo lidapatsidwa dzina la malemuwo, ndipo m'Malawi wa masiku amenewo dzinali lidali katundu wolemera. M'zaka 35 zokha zimene adakhala ndi moyo, mwini dzinali adalemba masewero oposa 20, adakhazikitsa gulu loyamba m'dziko muno lodalira zisudzo ngati ntchito yodyera, adakokanakokana ndi akuluakulu ounika zolembedwa, kenaka n'kudabwitsa omutsatira pokakhala nduna m'boma lomwelo limene masewero ake ankalilasa. Anthu ankangomutchula kuti Du, monga momwenso ankawatchulira bambo ake.

Mbiri ya mwanayu siingamveke popanda kuyamba ndi ya bamboyo. Dunduzu Kaluli Chisiza adabadwa mu 1930 kumpoto, m'mphepete mwa nyanja, ndipo adaphunzira ku Livingstonia asadapite ku Uganda. Adagwirapo ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko la India mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, ndipo kumeneko adathandiza kukhazikitsa gulu la achinyamata lotsutsa ulamuliro wa azungu. Boma la Southern Rhodesia lidamuthamangitsa mu 1956. Mu Malichi 1959 adamangidwa pamodzi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda ndi Henry Masauko Chipembere n'kukatsekeredwa ku Gwelo. Atatuluka adakhala mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ndipo chitatha chisankho cha 1961 adapatsidwa udindo mu unduna wa zachuma. Adali munthu wokonda kuwerenga ndi kulemba, ndipo m'zolemba zake adachenjezeratu kuti maiko a mu Africa akadzalandira ufulu, ulamuliro wa munthu mmodzi udzakhala msampha waukulu.

Kumayambiriro kwa Sepitembala 1962, galimoto yake idapezeka itagwa pafupi ndi mlatho wa Thondwe, pamsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, iye ali wakufa. Adali ndi zaka 32. Kafukufuku wa boma adati idali ngozi. Anthu ambiri sadakhutire, ndipo manong'onong'o a imfa imeneyi sadathe mpaka lero.

Tsoka la banjali silidathere pamenepo. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu mu Julayi 1964, nduna zidasemphana maganizo ndi Dr Banda. Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi adachotsedwa, pamodzi ndi Rose Chibambo, mayi wa ku Kafukule m'boma la Mzimba amene adatsogolera amayi pankhondo yofuna ufulu. Yatuta Chisiza, mkulu wake wa Dunduzu, amene adali nduna ya za m'dziko, adatula pansi udindo n'kuthawira kunja. Mu Okutobala 1967 adabwerera ndi kagulu kochepa ka anthu onyamula mfuti kudzera chaku Mwanza, ndipo adaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma. Nthawi imeneyo Du wamng'ono adali ndi zaka zinayi. Adakula m'dziko limene bambo ake ankatchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo bambo ake aakulu ankatchedwa chigawenga pamisonkhano ya chipani ndi m'nyimbo za ndale. Mwana wotere akadatha kusankha kukhala phee, kupeza kantchito ka muofesi n'kumaweramitsa mutu. Ambiri a msinkhu wake adachita zomwezo, ndipo palibe angawadzudzule. Iye adasankha ntchito yoima pamaso pa gulu.

Zisudzo zimene adazipeza zidali ndi nyumba zitatu. Yoyamba idali wailesi ya MBC, imene idali yokhayo m'dziko lonse, ndipo masewero ake monga Kapalepale ndi Pamajiga ankasonkhanitsa mabanja pakhonde. Yachiwiri idali sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, kumene gulu la Travelling Theatre linkayendayenda ndi masewero a ophunzira ndi aphunzitsi, ndipo kudatuluka alembi ngati Steve Chimombo ndi James Ng'ombe. Yachitatu, imene idalera anthu ochuluka koposa, idali mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale wokonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM. Cholinga cha mpikisanowu poyamba chidali chakuti ana aziyankhula Chingerezi chabwino. Koma chaka ndi chaka, kuyambira m'zigawo mpaka kumpikisano wa dziko lonse, ana a m'sukulu za kutali, kaya ku Nsanje kaya ku Mzimba, ankaphunzira kuti holo ya sukulu, nsalu yotchinga ndi mabenchi awiri n'zokwanira kumangira dziko lathunthu.

Du adalowera khomo lachitatuli. Ali pasukulu ya Henry Henderson Institute, imene aliyense amaitcha HHI, pamishoni ya Blantyre, adalemba ndi kutsogolera sewero la The Deceased's Attack. Mu 1982 sewerolo lidapambana pampikisano wa dziko lonse. Mnyamatayo adali ndi zaka 19. Mutu wa sewerolo, umene ukunena za wakufa wobwerera kudzaukira amoyo, sukadalephera kukumbutsa akuluakulu ena za mwini dzina limene mlembi wake adanyamula.

Apa m'pofunika kufotokoza mpanda umene wolemba aliyense ankakumana nawo. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lounika ndi kuyang'anira zosangalatsa, ndipo lamulolo lidabala bungwe la Censorship Board. Buku, filimu, nyimbo kapena sewero sizinkafika kwa anthu popanda kudutsa m'manja mwa bungweli. Wolemba sewero ankayenera kupereka zolemba zake kuti ziwerengedwe, ndipo akuluakuluwo adali ndi mphamvu zofufuta mawu, kudula chigawo kapena kuletseratu sewero lonse. Chilolezo chikapezeka, nkhawa siinkatha. M'holo munkakhala makutu a boma, ndipo mawu amene adadutsa bwinobwino papepala ankatha kusanduka mlandu chifukwa cha momwe wosewera wawatchulira, kapena chifukwa cha malo amene anthu asekera. Lamulo lina linkalola boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Ngakhale nyimbo ya azungu yotchedwa Cecilia idaletsedwa, pakuti dzinalo lidali la Mama Cecilia Kadzamira. Ngati nyimbo ya chikondi yochokera ku America inkaopsa chotero, nanga bwanji sewero la mwana wa Chisiza?

Mu 1983 Du adasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa gulu la Wakhumbata Workshop Theatre. Chidali chaka choipa. M'mwezi wa Meyi, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza, ndipo boma lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Padatenga zaka zoposa 10 kuti kafukufuku atsimikize zimene anthu ankanong'ona, kuti anayiwo adachita kuphedwa. Kwa mnyamata amene bambo ake adapezekanso atafa m'galimoto, nkhani imeneyi siidali yakutali.

Posakhalitsa adapeza mwayi wopita ku America, kumene adakaphunzira luso la zisudzo mumzinda wa Philadelphia mpaka kutenga digiri yachiwiri. Kumeneko adaona chinthu chimene kwawo kudalibe: anthu amene m'mawa amadzukira kukayeserera sewero monga momwe kalipentala amadzukira kukapala matabwa, n'kumalipira lendi ndi ndalama za pakhomo la holo. Amalawi ambiri ophunzira amene adatuluka m'zaka zimenezo sadabwerere, ndipo adali ndi zifukwa zomveka. Iye adabwerera mu 1987. M'chaka chomwecho, mu Sepitembala, apolisi adagwira mlakatuli Jack Mapanje ku Zomba n'kukamutsekera ku Mikuyu, kumene adakhala mpaka 1991 popanda kuuzidwa mlandu. Wina akulowa m'ndende chifukwa cha ndakatulo, wina akutsika ndege kudzayamba kampani ya zisudzo.

Kampaniyo idatchedwa Wakhumbata Ensemble Theatre. Mawu akuti gulu loyamba lodalira zisudzo ngati ntchito amanenedwa kawirikawiri mwakuti kulemera kwake kudaiwalika. Kufikira nthawi imeneyo, wosewera aliyense adali ndi pena podyera: mphunzitsi, kalaliki, muulutsi wa pawailesi kapena mwana wa sukulu. Zisudzo zidali za Loweruka ndi Lamulungu, ndipo zikalephereka palibe ankagona ndi njala. Du adafuna kuti sewero lenilenilo lidyetse olisewera. Kudalibe thumba la boma lothandizira aluso, kudalibe kanema woti n'kugulitsako masewero, ndipo wailesi idali imodzi, ya boma. Ndalama zonse zinkachokera pakhomo. Pandalama zomwezo pankayenera kuchoka zolipirira holo, zosindikizira mapepala oitanira anthu, zosokera zovala, za galimoto, za chakudya ndi malo ogona paulendo, kenaka malipiro a osewera. Ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, kudutsa Kasungu, Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa, ndi wa makilomita oposa 600, ndipo mvula ikagwa masana a tsiku la sewero, phindu lonse linkapita ndi madzi.

Kuti gulu lotere lisafe, mwini wake ankayenera kukhala zonse. Du ankalemba, ankatsogolera kuyeserera, ankasewera mbali yaikulu, ankayang'aniranso ndalama. Ankayeneranso kutulutsa sewero latsopano pafupipafupi, pakuti anthu okhoza kulipira pakhomo m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu adali omwewomwewo, ndipo sakadalipira kawiri kudzaona chinthu chimodzi. Ichi ndicho chifukwa china chimene munthu amene adagwira ntchitoyi zaka 12 zokha adasiyira masewero ochuluka chotero. Bwalo la French Cultural Centre ku Blantyre lidasanduka ngati kwawo kwa gululi, ndipo anthu a mumzindawo adazolowera kuti masana a Lamulungu, akaweruka kutchalitchi, kuli sewero.

Munthu wa mtundu umenewu, wolemba, wotsogolera, wosewera ndi mwini kampani pa nthawi imodzi, ngodziwika bwino kwa okonda mafilimu a Chiindiya. Ku India, Prithviraj Kapoor adayambitsa gulu loyendayenda la Prithvi Theatres mu 1944 ndipo adaliyendetsa zaka 16, akulithirira ndalama zimene ankapeza posewera m'mafilimu. Mwana wake, Raj Kapoor, adakhazikitsa kampani yakeyake ya mafilimu mu 1948 asadakwanitse zaka 24, ndipo filimu yake ya Awaara ya mu 1951 idatchuka mpaka ku Soviet Union ndi ku China. Du nayenso adali ndi zaka 24 pamene ankayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Kusiyana kwake n'kwakuti Kapoor adali ndi bambo wamoyo womutsegulira njira, mzinda wa Bombay wodzaza ndi makamera, ndi anthu mamiliyoni ogula matikiti. Mafilimu ake aliyense angawaone lero pafoni. Du adali ndi holo yobwereka, ndipo sewero lake linkatha pamene nyali zazimitsidwa.

Mitu ya masewero ake ikusonyeza kumene mtima wake udali: Fragments, Tatuya Futi, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, Papa's Empire, Democracy Boulevard, De Summer Blow, Kabuha Tragedy. Ena adali a chikondi ndi za m'banja, pakuti holo siidzaza ndi ndale zokha. Koma amene adamutchukitsa ndi aja okhudza ulamuliro, umbombo wa akuluakulu ndi kuponderezedwa kwa anthu wamba. Chida chake chidali chomwe agogo athu ankagwiritsa ntchito m'nthano za Kalulu ndi Njovu, ndiponso chimene amayi amagwiritsa ntchito poimba pamtondo: kuphiphiritsa. Nkhani inkaikidwa m'banja, m'kampani kapena m'dziko lopeka, ndipo wounika akafunsa, yankho lidalipo kale, lakuti sewerolo likunena za banja basi. Koma m'dziko limene mtsogoleri ankatchedwa tate wa fuko ndi Nkhoswe Nambala Wani, ndipo kampani yake ya Press idali ndi dzanja m'fodya, m'masitolo ndi m'mabanki, mutu wokha wa Papa's Empire udali wokwanira kuti anthu atsinane m'mipando. Wamkulu sauzidwa kawiri.

Njira imeneyi siinkapulumutsa nthawi zonse. Du adasemphana kangapo ndi bungwe lounika lija, ndipo masewero ake ena adaimitsidwa. Chodabwitsa n'chakuti iye sadalowe m'ndende monga Mapanje. Ena amati dzina la bambo ake, limene lidali katundu, lidalinso chishango, pakuti boma silikadafuna kudzutsa mafunso a ku Thondwe pomanga mwana wa malemuyo. Ena amati adali wochenjera podziwa polekezera. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona.

Pali chinthu chimodzi chimene omutamanda amakonda kuchilumpha. Masewero a Du adali a m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri Chingerezi chake chidali chapamwamba, cha mawu aatali ndi ziganizo zokometsera. Kwa ophunzira a m'tauni chimenechi chidali chokoma, ndipo ana a sukulu ambiri amene ankakonzekera mpikisano wa ATEM ankatengera kayankhulidwe kake. Koma mlimi wa ku Mbalachanda kapena mayi wogulitsa tomato pa Jenda adali kunja kwa mpanda. Anthu otere adafikiridwa ndi magulu a Chichewa monga Kwathu Drama Group, ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Komabe nkhani ya chiyankhulo siyophweka kwa mwana wa kumpoto. Mu 1968 chipani chidalamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka, chimene anthu a ku Mzimba, Rumphi ndi madera ena a Karonga amayankhula, chidachotsedwa pawailesi ndi m'nyuzipepala mpaka 1994. Kwa wolemba wochokera kumeneko, Chingerezi chidali bwalo limene Mtumbuka, Mchewa, Myao ndi Mlomwe ankakumanapo popanda wina kukhala mlendo. Chidalinso chiyankhulo chimene boma linkachiopa pang'ono, podziwa kuti ochimva ngochepa.

Zaka zimene Wakhumbata inkakula ndi zomwenso anthu a kumpoto adamva kuwawa kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidayamba kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera, ndipo mu 1989 lidalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Aphunzitsi ochuluka a ku Mzimba ndi maboma ena a kumpoto adakwezedwa m'malole ndi katundu wawo kuchoka kumwera ndi pakati, ena kusiya akazi kapena amuna awo kumeneko. M'masiku amenewo, kuona munthu wotchedwa Chisiza ataima pakati pa Blantyre, akuyankhula mokweza pamaso pa anthu mazanamazana, kudali ndi tanthauzo loposa mawu a m'sewerolo.

Kenaka zinthu zidatembenuka mofulumira. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro, imene idawerengedwa m'matchalitchi onse. Mu Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre adanyanyala, ndipo anthu adaphedwa m'misewu. Mu Okutobala Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha zipani zambiri. Kumpoto, kuphatikizapo Mzimba, chiwerengerocho chidali chokwera koposa. Zimene Du adakhala akunena mophiphiritsa kwa zaka zambiri tsopano zinkanenedwa poyera pamsika.

Ndipo m'chaka chomwecho cha 1993, Du adavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma la Dr Banda.

Palibe chinthu china m'moyo wake chimene chidagawa anthu ngati chimenechi. Kwa ambiri amene ankadzaza holo, makamaka akwawo kumpoto, kudali kugulitsa. Chipani cha MCP chinkamira, ndipo chinkafunafuna nkhope zatsopano zoti zichiyeretse pamaso pa achinyamata. Nkhope ya mwana wa Dunduzu Chisiza idali yamtengo wapatali kuposa zonse, pakuti kukhala kwake pambali pa Ngwazi kunkaoneka ngati banjalo lakhululuka, kapena ngati padalibe choti n'kukhululuka. Omuikira kumbuyo amati chipanicho chidali chimene bambo ake adachimanga ndi manja awo, ndipo mwanayo adali ndi ufulu wolowa m'nyumba ya atate wake. Amatinso munthu amene adavutika zaka zambiri kusaka ndalama zolipirira holo adaona mwayi wokonzera aluso zinthu ali m'kati. Mfundo zimenezi zili ndi mutu, koma nthawi idamutsutsa. Boma limene adalowamo lidali ndi miyezi yowerengeka. Mu Okutobala Dr Banda adapita kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, ndipo mu Disembala asilikali adalanda zida za a Payoniya, mkangano utayambira ku Mzuzu. M'chipwirikiti chotero padalibe nduna ikadamanga nyumba ya zisudzo kapena kusintha lamulo la 1968. Du adapereka chinthu chimene adachimanga kwa zaka 10, chikhulupiriro cha anthu, ndipo chimene adalandira chidali chochepa.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, Bakili Muluzi wa UDF adapambana, ndipo chipani cha Aford cha Chihana chidatenga mipando yonse 33 ya kumpoto. Unduna udatha. Du adabwerera kumene adachokera, kukayeserera masewero ndi kumata mapepala oitanira anthu m'mitengo ya mu Blantyre.

Ufulu udabweretsa vuto limene olemba ambiri sadaliyembekezere. Kale, mawu amodzi obisika ankagwedeza holo yonse chifukwa kunja kudali chete. Tsopano nyuzipepala zidachuluka ngati bowa wa m'dzinja, ndipo iliyonse inkatukwana mtsogoleri aliyense pomutchula dzina. Kuphiphiritsa kudatsika mtengo. Magulu ambiri a zisudzo adatembenukira kwa mabungwe amene ankalipira masewero ophunzitsa za Edzi, za chisankho kapena za kulera, ndipo uthenga unkachokera kwa wolipirayo. Wakhumbata idapitiriza kudalira anthu a pakhomo. Du adapitiriza kulemba za ndale za nyengo yatsopanoyo, za atsogoleri osinthasintha zipani ndi malonjezo osakwaniritsidwa, ngakhale kuti tsopano ena m'holo ankatha kumufunsa mumtima kuti nanga iye adaima pati. Chakumapeto kwa moyo wake ena mwa masewero ake adasindikizidwa m'mabuku, ndipo zimenezi ndizo zidapulumutsa mawu ake kuti asatheretu.

Ndale sizidamutuluke m'magazi. Mu 1998 adalowa chipani cholamula cha UDF, ndipo ankayembekezeka kudzapikisana nawo pa mpando wa phungu m'boma la Karonga pa chisankho cha 1999. Sadafikeko. Adamwalira atadwala pa 24 Febuluwale 1999, kutatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 36. Adaposa bambo ake ndi zaka zitatu zokha.

Patangopita masabata ochepa, mu Epulo chaka chomwecho, kanema woyamba wa dziko lino, Television Malawi, adayamba kuonetsa. Munthu amene akadadzaza kanemayo ndi masewero, ndipo mwina akadakhala woyamba kupanga mafilimu a Chimalawi otchuka, adaphonyana naye pakhomo. Padapita zaka pafupifupi 10 kuti Shemu Joyah atulutse Seasons of a Life, filimu imene idaonetsa maiko ena kuti Amalawi angathe. Achinyamata amene lero akujambula mafilimu ndi mafoni m'misewu ya Mzuzu ndi Mzimba ambiri sadaonepo Du akusewera. Amangomva kwa makolo ndi aphunzitsi awo za liwu lake ndi kayendedwe kake pansanja, ndipo akafuna kudziwa zambiri ayenera kufunafuna zolemba za akatswiri monga Mufunanji Magalasi, amene adafufuza mbiri ya zisudzo za m'dziko muno.

Gulu lake silidafe tsiku lomwelo. Gertrude Kamkwatira, amene adaphunzira ntchito m'manja mwake n'kukhala mmodzi mwa osewera ake odalirika, adatenga utsogoleri wa Wakhumbata, kenaka adakayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre. M'ntchito imene eni magulu adali amuna okhaokha, mayiyu adalemba, adatsogolera ndi kusewera monga momwe mphunzitsi wake ankachitira, mpaka pamene adamwalira mu 2006. Bwalo la French Cultural Centre nalo lidaona zakuda: Afalansa atalisiya, akuba adalisasula, ndipo boma lidalitenga n'kulitcha Blantyre Cultural Centre.

Dzina la Chisiza lidabwereranso m'nyuzipepala mu Disembala 2011, m'nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Thlupego Chisiza, mwana wa Du, ankaonetsa ku Blantyre sewero lotchedwa Semo, limene adalemba mothandizana ndi Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene adapezeka atafa pasukulupo mu Sepitembala chaka chomwecho. Apolisi adalowa sewero lili m'kati n'kumutenga. Mlandu wake udali woonetsa sewero popanda chilolezo cha Censorship Board, pansi pa lamulo lomwe lija la 1968, ndipo khoti lidamulipiritsa K5,000.